Buku la Ndalama za Pakhomo Pathu: Singur, Chaka cha 1431

Ndalama zonse zili m'marupee. Odya pakhomo pano ndi asanu: Baba, omwe ndi apongozi anga aamuna, bambo a ana, mtsikana wa zaka 16, mnyamata wa zaka 11, ndi ine wolemba. Malo olima ndi mabigha atatu, onse m'dzina la Baba. Awiri amabereka. Lachitatu lili ndi tsamba lake kutsogoloku.

BOISHAKH, kuyambira pa 14 Epulo 2024

Buku lofiira latsopano: 60.

Ngongole ya kugolosale ya chaka chatha: 3,400. Tsiku loyamba la chaka amalonda amatsegula mabuku atsopano, pamwambo wa halkhata, n'kuitana onse okongola kuti adzabweze. Tinabweza 2,000, anatipatsa bokosi la maswiti ndi kalendala. Yotsalayo yasamukira m'buku lawo latsopano, pamzere woyamba.

Gasi wophikira: 829.

Tikiti ya mwezi ya sitima yopita ku Howrah: 185. Bambo a ana amadula zitsulo kumeneko. Amachoka kukali mdima, amafika kutada, choncho za kumunda amazimva kwa ine.

Lata limodzi la khola la ng'ombe, lomwe mphepo ya kalboishakhi inapita nalo: 550. Ana analiona m'dziwe la aneba. Aneba akuti m'dziwe mwawo mumakhala nsomba zokha.

Zolowa: Lakshmir Bhandar, ndalama yomwe boma la West Bengal limapatsa amayi a zaka 25 mpaka 60, 1,000. Mpaka mwezi watha inali 500. Chisankho chili pafupi.

JOISHTHO

Mapu a boma la Hooghly, ofunika kusukulu: 25.

Mnyamata anabwera ndi funso la aphunzitsi: «Ma, ife timakhala kumudzi kapena kutauni?» Ndinamutumiza kwa mlongo wake, mlongo wake anamutumiza ku foni. Data: 19. Yankho ndalikopera pano chifukwa talilipira.

Buloko ya Singur ili ndi malo okwana masikweya kilomita 164.85, osalala onse, dothi lotsika ndi mitsinje, pakati pa Hooghly kummawa ndi Damodar kumadzulo. Phiri kulibe, ndipo pamalo okwera kwambiri omwe mwanayu anafikapo ndi pamlatho wa njanji ku Kamarkundu, pomwe sitima ya ku Tarakeswar ndi ya ku Bardhaman zimapingasana, ina pamwamba ina pansi. Kalembera wa 2011 anapeza anthu 276,413. Mwa iwo 223,951 analembedwa kuti ndi akumudzi, 52,462 akutauni. Pa sikweya kilomita iliyonse pamakhala anthu oposa 1,600, osawerengera ng'ombe, maiwe ndi minda.

Malo amatchedwa tauni ya kalembera akakhala ndi anthu 5,000, anthu 400 pa sikweya kilomita, komanso amuna atatu mwa anayi aliwonse ogwira ntchito akamadyera kwina osati kumunda. Malo oterewa amakhalabe m'manja mwa panchayat ya kumudzi. Khonsolo ya tauni sibwera, galimoto yotola zinyalala sibwera, chimabwera ndi dzina. Pakhomo pano mwamuna mmodzi amagwira ntchito ya zitsulo, wina amalima, wachitatu ali sitandade 6, ndiye ndamuuza mwana alembe kuti timagula ngati akutauni, timagulitsa ngati akumudzi. Aphunzitsi anapereka 0 pa funsolo.

Kalembera wa 2021 sanachitike, choncho 276,413 ndi yomwe ikugwirabe ntchito. M'chiwerengerochi muli Ma, apongozi anga aakazi, omwe anatisiya mu 2019. Mulibe mnyamata, yemwe anabadwa mu 2013 ndipo amadya mbale ziwiri.

Kuvota pa 20 Meyi: 0. Toto ya mawilo atatu yonyamula Baba kupita kumalo ovotera: 20. Anapambana ndi Rachna Banerjee, yemwe timamudziwira pa wailesi yakanema.

Makandulo ndi mafuta a nyale usiku wa namondwe Remal: 90.

ASHARH

Ambulera: 180. Kukonzetsa yakale, yomwe inapezeka titagula yatsopano: 40.

Mbewu ya mpunga wa aman, thalakitala yaing'ono yolimira mabigha awiri, aganyu owoka: 7,800.

Feteleza wa urea, thumba la makilo 45: mtengo wolembedwa pathumba ndi 266.50. Mtengo wolembedwa m'buku lino ndi 330. Wogulitsa akuti thumba siliyenda lokha.

Mvula imagwa pafupifupi mamilimita 1,500 pachaka, yambiri kuyambira Juni mpaka Sepitembala. Imeneyi ndi yaulere. Madzi ogula ayamba mu Novembala.

SHRABON

Mwezi uno msewu wathu ndi wa Shiva. Anthu amatunga madzi a Ganga ku Baidyabati, amawapachika pamtengo wonyamulira paphewa, n'kuyenda wapansi mpaka kukachisi wake ku Tarakeswar, kudutsa pakati pa Singur, usiku ndi usana, mabelu akulira. Shuga, mandimu ndi makapu a pepala owapatsira madzi: 340. Zolowa: madalitso, sanatchule kuchuluka.

Mbatatesi, kilo imodzi kumsika: 35. Zathu tinagulitsa mu Malichi zili pamunda, kilo ili pa 14, chifukwa wa feteleza ankadikira pamzere wa munda. Mu Julayi boma linaletsa malole kutulutsa mbatatesi kupita kuzigawo zina, amalonda ananyanyala, mtengo unakwera. Baba anaitola imodzi kumsika, anaitembenuza, anati akuiona nkhope.

Pa 8 Ogasiti anamwalira Buddhadeb Bhattacharjee, nduna yaikulu ya West Bengal panthawi yomwe bigha lathu lachitatu linatengedwa. Baba anamvera nkhani yonse osayankhula, kenako anati kwa ine: «Bouma, tiyi.» Tiyi: wa m'nyumba.

BHADRO: tsamba la bigha lachitatu

Ndalemba mwezi uno chifukwa chigamulo chinabwera pa 31 Ogasiti, ndipo chaka chilichonse Baba amafuna kudziwa kuti bigha limeneli latidyera zingati.

Mbiri yake mwachidule, kuti ana asadzafunse. Mu 2006 boma la Left Front linatenga maekala 997 m'mbali mwa msewu waukulu wa Durgapur Expressway, pogwiritsa ntchito lamulo la atsamunda la 1894, kuti kampani ya Tata Motors imangepo fakitale ya Nano, galimoto ya 100,000. Malowo anali m'mamouza asanu, midzi ya m'kaundula wa malo: Gopalnagar, Beraberi, Khaserbheri, Bajemelia ndi Singherbheri. Mapepala ambiri a boma ankati ndi malo olima kamodzi pachaka. Lathu linkabereka katatu: mpunga, mbatatesi, kenako jute kapena chitowe. Eni malo ambiri analandira macheke a chipukutamisozi. Ena, omwe malo awo ankati akukwana maekala 400, anakana. Baba anakana. Kaka, mng'ono wawo, analandira. Minda yawo inagundizana, ndipo mpanda unaimeza pamodzi osafunsa kuti wasaina ndani.

Mamata Banerjee anasala kudya masiku 26 mu Disembala 2006 potsutsa kutengedwa kwa malowo. Pa 3 Okutobala 2008 Ratan Tata, mkulu wa kampaniyo, analengeza kuti fakitale ikuchoka, ndipo inapita ku Sanand, ku Gujarat. Mu 2011 Left Front inagwa italamulira zaka 34. Pa 31 Ogasiti 2016 khoti la Supreme linagamula kuti malowo anatengedwa mosatsata lamulo, abwezedwe kwa eni pasanathe masabata 12. Linatinso omwe analandira macheke asabweze, ndipo omwe anakana akatenge awo.

Zotsatira zake pakhomo pawiri:

Kaka: cheke mu 2006, nyumba yanjerwa ya nsanjika imodzi, malo abwerera mu 2016.

Baba: cheke chomwecho mu 2016, malo abwerera, zikwapu ziwiri za ndodo pamsana, ndi 2,000 pamwezi pamodzi ndi mpunga makilo 16, zomwe boma linakhazikitsira mabanja okana. Chekecho chinathera ukwati wa alamu anga aakazi ndi matenda a Ma.

Abale awiriwa sanalankhulane kwa zaka zambiri. Pano amalankhulana za malire.

Bigha lathu linagwera pomwe panali pansi pa fakitale. Mashedi anagwetsedwa, koma konkire, zitsulo ndi miyala zinatsala m'nthaka, ndipo ngalande zakale zothirira zinakwiririka. Minda ina ya m'mphepete ikulimidwa bwino, sindikana. Yathu imamera udzu wa kash, womwe umachita maluwa oyera nyengo ino, ndipo achinyamata a ku Kolkata amaima pamsewu kudzajambulitsa.

Zotuluka pa bigha limeneli chaka chino:

Amin woyeza malo, kudzapeza pomwe dag yathu, munda monga unalembedwera m'kaundula, yathera: 1,500. Zikhomo zomwe zinakhomedwa mu 2016 zinasowa. Amin wa Kaka anapeza malire ena, a mtengo womwewo.

Makina okumba, maola awiri: 2,400. Anatulutsa konkire yodzaza ngolo. Pansi pake panali konkire.

Zitsulo zomwe zinatuluka, zogulitsa kwa wa zitsulo zakale: zolowa 620. Aka n'koyamba kuti mundawu ukolole kuyambira 2006.

Mankhwala othamangitsa njoka: 70.

Zolowa zina: Krishak Bandhu, thandizo la boma kwa alimi, 10,000 pachaka kwa amene ali ndi ekala kapena kuposa, ndipo ocheperapo amalandira molingana ndi malo. Bigha ndi makatha 20, katha ndi masikweya fiti 720, choncho mabigha atatu ndi 43,200. Ekala ndi 43,560. Tikuperewera theka la katha, lomwe Baba akuti lili kwa Kaka. Komabe pepala la umwini wa malo, parcha, limati bigha lachitatu ndi munda, ndiye limabweretsa pafupifupi 3,300 pachaka osathiridwa feteleza, osapoperedwa mankhwala, osagwidwa chiwawu. Pa minda yathu yonse, uwu wokha ndi umene sunatitayitsepo mbewu.

Mu Okutobala 2023 bwalo loweruza mkangano linalamula bungwe la boma loona za mafakitale, WBIDC, kuti lilipire Tata Motors marupee oposa 7.6 biliyoni, kuphatikizapo chiwongoladzanja cha 11 peresenti pachaka kuchokera mu Sepitembala 2016. Mtsikana anagawa ndalamazi ndi maekala 997, kenako ndi atatu. Bigha lathu lafika pa 2.5 miliyoni, chiwongoladzanja chisanalowe. Ndinafunsa kuti ndilembe mbali ya zolowa kapena ya zotuluka. Bambo a ana anati amalipira ndi okhoma msonkho. Ndalemba ndi pensulo mbali ya zotuluka.

Nano inasiya kupangidwa mu 2018. Pakhomo pano sinagulidwepo.

ASHWIN

Madamu a Damodar anatsegulidwa, madzi anamiza Khanakul ndi mbali zina za Arambagh. Kuno sanafike. Kunafika achemwali anga ndi ana awo awiri. Mpunga, mphodza, mafuta a mpiru owonjezera: 1,900.

Chanda, chopereka cha chikondwerero cha Durga Puja: 500 kwa kalabu ya kuno, 200 kwa kalabu ya kutsidya kwa njanji, yomwe ikuti nafenso ndife akwawo. Malire a panchayat amadutsa kuseri kwa khola lathu, ndipo nyengo ya chanda amasuntha.

Zovala zatsopano za anthu asanu: 4,600. Za Baba zili m'sutikesi, pamwamba pa za chaka chatha.

Nsomba ya ilish, imodzi, yaing'ono: 900. Inadulidwa zidutswa zisanu ndi zitatu. Mutu unapita kwa Baba mwa lamulo.

Pa 9 Okutobala, ng'oma za Puja zitayamba kale, anamwalira Ratan Tata. Kaka anabwera madzulo, anakhala pakhonde ndi Baba. «Dada, onse awiri apita chaka chimodzi.» Baba anati: «Konkire yatsala.» Tiyi awiri, mabisiketi anayi: 12.

KARTIK

Mvula ya namondwe Dana inagonetsa mpunga wa m'munda wakumunsi. Aganyu oudzutsa ndi kuumanga m'mitolo: 700.

Ulendo wokaona magetsi a Jagaddhatri Puja ku Chandannagar: 460, kuphatikizapo phuchka. Tauniyi inali ya Afalansa mpaka cha m'ma 1950, ndipo ndi likulu la mahakuma yathu, gawo la boma la Hooghly lomwe Singur ilimo. Masiku ena onse timapitako titanyamula mafayilo.

OGROHAYON

Kukolola aman ndi kupuntha: 5,200. Mpunga wodya miyezi isanu ndi iwiri walowa m'nkhokwe, ngati achemwali sabweranso.

Aganyu ambiri a nyengo ino ndi Asantal ochokera ku Bankura ndi Purulia, kumtunda kouma, komwe amalima kamodzi. Amabwera ndi mapoto awo ndi ana awo, amagona m'misasa ya mapesi, amachoka ntchito ikatha. Kalembera amawawerengera kwawo. M'buku lino ali pa 350 patsiku ndi mpunga wophika.

Mbewu ya mbatatesi ya Jyoti yochokera ku Punjab, matumba asanu ndi limodzi: 19,200. Mbewu imayenda makilomita oposa 1,500 kudzabzalidwa kudera lomwe limadziwika ndi mbatatesi m'India monse, chifukwa yathu ikabwerezedwa imagwidwa matenda.

Feteleza, kulima, kupanga mizere, kubzala: 21,000. Pangongole 15,000, kwa wamalonda yemweyo amene adzagule zokolola. Mtengo wogulira adzatiuza iye.

Madzi a pampu ya mini: 2,400 mabigha awiri, nyengo yonse. Mwini pampu ndi Kaka. Anaigula ndi cheke.

POUSH

Chifunga masabata awiri. Mankhwala a chiwawu cha mbatatesi: 2,300.

Ufa wa mpunga, kokonati ndi gur wa kanjedza wophikira pithe: 380.

Tiyi ndi maswiti a azakhali a bambo a ana, omwe anabwera ndi chithunzi cha mnyamata wa ku Haripal wogwira ntchito yosula golide ku Mumbai: 110. Ndinawaonetsa tsamba la Kanyashree. Mtsikana amalandira 1,000 pachaka akakhala pasukulu, ndipo akadzakwana zaka 18 akuphunzirabe komanso ali wosakwatiwa adzalandira 25,000. Njinga yomwe amapitira kusukulu ndi ya boma, ya Sabooj Sathi. Azakhali anati mnyamatayo sangadikire. Ndinati 25,000 idikira. Kumata tayala la njingayo: 30.

MAGH

Fotokope: 146. Izi zimafuna kulongosola.

Pamwamba pathu pali gram panchayat, imodzi mwa 16 za m'buloko muno, yotsogozedwa ndi pradhan. Pamwamba pake pali panchayat samiti ndi BDO, mkulu wa buloko. Kenako mahakuma ya Chandannagar, imodzi mwa zinayi za boma la Hooghly, lomwe lili ndi mabuloko 18 ndi anthu oposa 5.5 miliyoni. Kenako Chinsurah, komwe kuli zilla parishad ndi bwanamkubwa. Kenako Nabanna, likulu la boma la West Bengal, ku Howrah, komwe bambo a ana amaliona patali akamapita kuntchito. Kenako Delhi. Pambali pa makwerero amenewa pali thana ya apolisi, ofesi ya zamalo yomwe imasunga mouza, khatian ndi dag, ndi ofesi ya zaulimi. Gram panchayat, panchayat samiti ndi zilla parishad akhala akusankhidwa ndi voti kuyambira 1978, ndipo theka la mipando ya panchayat ndi la amayi. Membala wathu ndi mayi. Mafunso amayankha ndi amuna awo.

Ofesi iliyonse imafuna fotokope ya Aadhaar, ya khadi yovotera, ya khadi ya resheni, ya buku la kubanki ndi ya parcha, ndipo iliyonse imakhulupirira kuti inzake sinaonepo mapepalawa. Pa pepala lina dzina la Baba lili ndi chilembo chimodzi chowonjezera. Ofesi ina inati amenewo ndi anthu awiri. Kalata yolumbira kuti Baba ndi Baba: 300. Thandizo la munthu wachiwiriyo silinabwere.

Mwezi uno kunali Duare Sarkar, pomwe maofesi amabwera okha kudzakhala pabwalo la sukulu. Mayendedwe: 0. Fotokope: monga mwa masiku onse. Wa makina a fotokope anasamutsira makina ake pageti.

Khadi ya ntchito ya masiku 100: zolowa 0. Delhi inasiya kutumiza ndalama za ntchitoyi ku West Bengal mu 2022, ikunena za kusokonekera kwa ndalama. Kolkata ikuti ndi ndale. Khadiyo ndaikutira pulasitiki: 10.

Msonkho wa nyumba ku panchayat: 120. Babu la nyale ya mumsewu, lomwe tinasonkherana nyumba zisanu: 40.

Saraswati Puja ya kusukulu: 50 mwana aliyense. Mtsinje wa dzina lomweli umadutsa m'buloko muno. M'zaka za m'ma 1500 unkanyamula zombo kupita kudoko la Saptagram, komwe Apwitikizi ankagula nsalu, kenako unadzaza matope, malonda anasamukira ku Hooghly. Lero mnyamata amaudumpha malo ena, ndipo malo ena saudumpha. Nsapato imodzi: 160, koma amagulitsa ziwiriziwiri, 320.

FALGUN

Kukumba mbatatesi, kusankha, kuthira m'matumba a makilo 50, kusoka: 9,600. Matumba opanda kanthu: 2,300. Zatuluka matumba 164.

Chaka chino zabereka kwa aliyense. Boma lalengeza kuti ligula pa 900 makilo 100, kutanthauza 450 thumba. Wamalonda wathu anabwera pa njinga yamoto, anayang'ana mulu, anayang'ana kumwamba, anati 410. Baba anati chaka chatha anagulitsa msanga n'kulira mu Julayi. Wamalonda anatulutsa buku lake. Matumba 100 apita pa 410: zolowa 41,000, kuchotsa 15,000 ndi chiwongoladzanja chake.

Ndaphatikiza zonse za mbatatesi kuyambira Ogrohayon: 56,800. Thumba lililonse latidyera 346, osawerengera msana wa Baba ndi wanga.

Utoto wa chikondwerero cha Dol: 60. Sopo: 45.

CHOITRO

Matumba 60 apita ku himghar, nyumba yozizira yosungira mbatatesi. Vani: 900. Onyamula: 480. Lendi: 85 thumba lililonse, 5,100, yolipira potulutsa. Anatipatsa pepala la bondi, lomwe limagulitsidwa palokha, ndipo limatha kusintha manja kangapo mbatatesi zili phee mumdima, pansanjika yachinayi. Ziyenera kutuluka pofika kumapeto kwa Novembala. Bambo a ana akuti tidikire mtengo wa Julayi. Baba akuti wa Okutobala. Wakugolosale wamva kuti tili ndi bondi ndipo wayamba kundipatsa moni kuchokera patali.

Matumba anayi atsala pansi pa bedi, odya.

Chitowe chofesa m'mabigha awiri: 300.

Munthu wina wa nsapato zoyera anaima pamsewu waukulu n'kufunsa ngati bigha lachitatu likugulitsidwa. Akuti akufuna kumangapo nyumba yosungira katundu, ndipo pansi polimba ndi pomwe akufuna. Baba anati malowo ndi olima. Munthuyo anasiya khadi lake. Kaka anapempha kuliona, sanabweze.

Magalasi atsopano a Baba: 750.

Fizi ya mphunzitsi wapadera wa masamu, miyezi iwiri yotsalira: 1,200. Yalipidwa 600.

Gasi wophikira, kuyambira pa 8 Epulo: 879.